Kodi mumadziwa? Zomwe manda amasunga za mliri wa chimfine wa 1918

Kodi mumadziwa kuti m'manda akale a mizinda yambiri padziko lapansi muli mizere ya ziliza zomwe zonse zalembedwa chaka chimodzi? Kaya ndi ku Wellington m'dziko la New Zealand kapena ku Philadelphia ku America, mukamatsata madeti a pamiyala mupeza kuti Okutobala ndi Novembala wa 1918 akungobwerezabwereza. Amene agona pamenepo ndi anthu omwe anapita ndi mliri wa fuluwenza. Akatswiri ambiri amati mliriwu unagwira munthu mmodzi mwa atatu alionse amene anali ndi moyo nthawi imeneyo, ndipo unapha anthu pafupifupi 50 miliyoni. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse, yomwe inatha m'mwezi womwewo wa Novembala, inapha asilikali pafupifupi 10 miliyoni pa zaka zinayi zathunthu. Chimfine chinachita zoposa pamenepo m'miyezi yowerengeka chabe.

Kodi mumadziwa kuti zaka zakubadwa zolembedwa pa zilizazo ndi zimene zimaumitsa thupi kwambiri? Chimfine cha masiku onse chimakonda kutenga makanda ndi nkhalamba. Cha 1918 chinalusira anthu a zaka zapakati pa 20 ndi 40, amene anali pachimake pa mphamvu zawo: alimi, ogwira ntchito m'migodi, asilikali, anamwino, ndiponso amayi oyembekezera, amene anafa ochuluka zedi. Munthu amadzuka bwinobwino m'mawa, pofika madzulo thupi lili moto, patapita masiku ochepa nkhope yayamba kuda chifukwa mapapo adzaza madzi ndipo mpweya sukulowanso m'magazi. Ambiri chinawamaliza ndi chibayo chobwera pambuyo pa chimfinecho, ndipo mankhwala a penisilini anali asanatulukiridwe. Madokotala a nthawiyo sankadziwa n'komwe mdani amene ankalimbana naye, pakuti kachilombo ka fuluwenza ya anthu kanadzapezeka mu 1933, ku London.

Dzina loti chimfine cha ku Spain linabwera chifukwa dzikolo silinalowe nawo nkhondo, kotero manyuzipepala ake ankalemba za matendawa momasuka, makamaka mfumu Alfonso XIII itadwala mu Meyi 1918, pamene maiko omenyana ankabisa nkhani zotere. Mliriwu sunayambire kumeneko.

Kodi mumadziwa kuti manda ambiri omwe timawatcha a asilikali ofera kunkhondo ndi a anthu omwe sanaphedwe ndi chipolopolo? Pabwalo la tchalitchi cha St Margaret's ku Bodelwyddan, m'dziko la Wales, pali manda oposa 80 a asilikali a ku Canada. Ambiri mwa iwo anafa ndi chimfine ali pamsasa wa Kinmel Park, nkhondo itatha kale, akudikira sitima yoti iwabwezere kwawo. Mwala wa aliyense umatchula dzina, udindo, gulu la asilikali ndi tsiku lomwalira, koma chomwe chinamupha mwini mandawo sichilembedwa. Ndiye munthu wodutsa amangoti ndi ngwazi za kunkhondo, mliri uja n'kubisala pansi pa dzina la nkhondo. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe mliri waukulu chotere unaiwalika msanga. Ku Ulaya pafupifupi tauni iliyonse ili ndi chipilala cha nkhondo, koma zipilala za mliriwu n'zosowa kwambiri. Wolemba mbiri Alfred Crosby anafika potcha buku lake kuti America's Forgotten Pandemic, polemba za dziko lomwe linataya anthu pafupifupi 675,000.

Nanga mumadziwa kuti ku Barre, m'chigawo cha Vermont, chikumbutso cha mliriwu chinaikidwa patapita zaka 100, ndiponso ndi ndalama za munthu wamba? Mwini malo odyera wina, amene agogo ake aamuna anafa ndi chimfinechi ali mnyamata, anaona kuti palibe paliponse pokumbukira anthuwa. Mu 2018 anaikitsa benchi lalikulu lamwala m'manda a Hope Cemetery. Tauniyi ndi yotchuka ndi ntchito yosema ziliza, ndipo osema miyala ake, omwe mapapo awo anali atawonongeka kale ndi fumbi, anafa ambiri pa mliriwu.

Kodi mumadziwa kuti mzinda wa Philadelphia unasowa okumba manda? Pa 28 Seputembala 1918 akuluakulu a mzindawu analola perete wamkulu wosonkhetsa ndalama za nkhondo, ngakhale matendawa anali atafika kale. Anthu pafupifupi 200,000 anathithikana m'misewu. Pasanathe sabata zipatala zinadzaza, ndipo m'milungu isanu ndi umodzi anthu oposa 12,000 anali atamwalira. Mabokosi anatha. Mitembo inkakhala m'nyumba masiku angapo achibale akusowa woinyamula. Anyamata ophunzira zaunsembe ku seminale ya St Charles Borromeo anasiya mabuku n'kukagwira makasu ndi mafosholo ku manda a Holy Cross, ndipo pena anachita kubweretsa makina okumbira kuti atsegule maenje aatali oikamo anthu ambiri pamodzi. Ife amene timadziwa kulemera kwa ntchito ya adzukulu, ndi mmene mudzi wonse umaimira chifukwa cha maliro amodzi okha, tingathe kumva kukula kwa tsoka lofikitsa anthu poika abale awo m'ngalande. Mzinda wa St Louis unatseka msanga masukulu, matchalitchi ndi malo azisangalalo, ndipo imfa zake zinachepa kwambiri poyerekeza ndi Philadelphia.

Kodi mumadziwa kuti ku Auckland mitembo inkapita kumanda pa sitima yapamtunda? M'masiku oipitsitsa a Novembala 1918, sitima zapadera zinkanyamula mabokosi kupita ku manda a Waikumete. Ambiri anaikidwa popanda chizindikiro chilichonse. Mwala wowakumbukira, womwe umatchula anthu 1,128 a mzindawu, unadzaikidwa mu 1988, patapita zaka 70. Dziko lonse la New Zealand linataya anthu pafupifupi 9,000 m'miyezi iwiri, chiwerengero chomwe ndi theka la asilikali ake onse ofera kunkhondo pa zaka zinayi. Mwa anthu 9,000 amenewa, pafupifupi 2,500 anali Amaori, eni nthaka, amene ankafa mochuluka kangapo kuposa azungu. Amaori sanadikire boma kuti liwakumbukire. Pa bwalo lawo la Te Koura anaimika chipilala chamtengo chosemedwa ndi mmisiri wotchuka Tene Waitere, mliri utangodutsa kumene.

Ku Wellington nako kunachitika chinthu chimene ndimachilemekeza kwambiri. Pamene zaka 100 za mliriwu zinkayandikira, anthu ongodzipereka anayamba kupita ku manda a Karori kukalambula tchire, kutsuka ziliza ndi kufufuza m'mabuku a boma ndi m'manyuzipepala akale kuti adziwe kuti munthu aliyense woikidwa m'milungu imeneyo anali ndani, ankagwira ntchito yanji, anasiya ana angati. Anthu mazanamazana amene anali chabe chiwerengero anayambanso kutchulidwa maina. Ntchitoyi sinafune ndalama zambiri. Inafuna anthu okhala ndi nthawi, burashi, chidebe cha madzi ndi mtima wofuna kudziwa.

Kodi mumadziwa kuti sitima imodzi inapha munthu mmodzi mwa asanu alionse a dziko lathunthu? Pa 7 Novembala 1918 sitima yapamadzi yotchedwa Talune inakocheza padoko la Apia, ku Western Samoa, kuchokera ku Auckland. Munali odwala m'sitimamo, koma akuluakulu a ku New Zealand, omwe ankalamulira zilumbazi, analola anthu kutsika popanda kuwaika m'mbindikiro. M'milungu yochepa anthu pafupifupi 8,500 anafa. Mabanja ena anatheratu psiti, ndipo mafumu, abusa ndi akuluakulu osunga mbiri ya mafuko anapita nthawi imodzi. Magalimoto ankazungulira m'midzi kutola mitembo n'kukaiika m'manda a anthu ambiri, ena mwa iwo ku Vaimoso, pafupi ndi Apia.

Chopweteka kwambiri n'chakuti pafupi pomwepo, pa zilumba za American Samoa, bwanamkubwa John Martin Poyer anatseka madoko atangomva za mliriwu, mafumu a kumeneko namuthandiza kulondera magombe. Kumeneko sikunafe munthu ndi mmodzi yemwe. Poyer anauza mnzake wa ku Apia, Robert Logan, kuti angathe kutumiza thandizo la zachipatala, koma Logan sanalilandire. Anthu a mtundu umodzi, chilankhulo chimodzi, nyanja imodzi: mbali ina manda osawerengeka, mbali ina palibe. Apa sitinganene kuti linali tsoka chabe. Kunali kusasamala kwa olamulira, ndipo Asamoa sanaiwale. Mkwiyo umenewu unalimbikitsa gulu la Mau lomenyera ufulu, dzikolo linadziimira palokha mu 1962, ndipo mu 2002 nduna yaikulu ya New Zealand, Helen Clark, inapita ku Apia kukapepesa.

Ku Labrador, kumpoto kwa Canada, sitima ya amishoni yotchedwa Harmony inafikitsa matendawa pamudzi wa Okak. Mwa anthu 263 anafa 204. Otsalawo anaika anzawo m'dzenje limodzi n'kusamuka.

Kodi mumadziwa kuti dziko lomwe linataya anthu ambiri kuposa onse lilibe manda ambiri oti n'kuwaonetsa? Ku India kunafa anthu osachepera 12 miliyoni, ndipo ena amati chiwerengero chinayandikira 20 miliyoni. Ahindu amatentha mitembo, koma nkhuni zinachepa, ndipo mitembo yambiri inaponyedwa m'mitsinje, kuphatikizapo Ganges. Mlakatuli wa Chihindi Suryakant Tripathi, wodziwika ndi dzina loti Nirala, anataya mkazi wake ndi abale ena angapo pa mliri womwewu.

Kodi mumadziwa kuti Akatolika ambiri amapemphera pa manda a anthu ofa ndi mliriwu osazindikira? Francisco Marto ndi mlongo wake Jacinta, ana awiri a ku Fátima m'dziko la Portugal, anadwala chimfinechi kumapeto kwa 1918. Francisco anamwalira mu Epulo 1919, Jacinta mu Febuluwale 1920. Matupi awo ali m'tchalitchi chachikulu cha ku Fátima, ndipo Papa Francis anawalengeza kukhala oyera mu 2017. Ku Vienna nako, katswiri wojambula zithunzi Egon Schiele anamwalira ndi mliri womwewu pa 31 Okutobala 1918 ali ndi zaka 28, patangopita masiku atatu mkazi wake Edith atamwalira ali ndi pakati.

Kodi mumadziwa kuti manda a kamudzi kena ka ku Alaska ndiwo anathandiza kuulula chinsinsi cha kachilomboka? Mudziwu ndi Brevig Mission. Mu Novembala 1918 munali anthu 80, ndipo m'masiku asanu anafa 72. Anaikidwa m'manda amodzi, m'nthaka yomwe imakhala youndana chaka chonse. Mu 1951 wophunzira wina wochokera ku Sweden, Johan Hultin, amene ankachita maphunziro ku yunivesite ya Iowa, anapempha chilolezo kwa akuluakulu a mudziwo kuti akumbe. Anatenga tizidutswa ta mapapo, koma luso la nthawiyo linali losakwanira ndipo sanapeze kachilombo kamoyo.

Panapita zaka 46. Mu 1997 Hultin, tsopano ali ndi zaka 72, anawerenga kuti wasayansi Jeffery Taubenberger ndi anzake apeza tizidutswa ta chibadwa cha kachilomboka m'zinthu zakale zosungidwa kuchokera m'matupi a asilikali. Anamulembera kalata, nanyamuka yekha ndi ndalama za m'thumba mwake kubwerera ku Brevig. Anapemphanso chilolezo, khonsolo ya mudzi inavomera, ndipo anyamata a m'mudzimo anamuthandiza kukumba. Anapeza thupi la mayi wina lomwe mapapo ake anasungika bwino chifukwa mafuta a m'thupi anawateteza. Kuchokera m'mapapo amenewo, pamodzi ndi zija za asilikali, asayansi anamaliza kuwerenga chibadwa chonse cha kachilomboka mu 2005, ndipo chaka chomwecho wasayansi Terrence Tumpey anakapanganso m'labotale yotetezedwa kwambiri ya bungwe la zaumoyo la CDC ku Atlanta. Anapeza kuti ndi ka mtundu wa H1N1 ndipo kamafanana kwambiri ndi tizilombo ta chimfine cha mbalame.

Pali mbali ya nkhaniyi yomwe siyenera kudumphidwa. Kufukula manda si chinthu chopepuka kwa mtundu uliwonse wa anthu, ndipo eni mudzi wa Brevig akanatha kukana. Analola kawiri konse, atauzidwa kuti zingathandize kuti ana a anthu ena asadzafe monga anafera makolo awo. Hultin naye asanachoke anakwirira mandawo bwino, napala mitanda iwiri ikuluikulu yolowa m'malo mwa yakale yomwe inali itawola. Ulemu wa zomwe sayansi inapeza uyenera kupita kwa mudziwo mofanana ndi kwa madokotala.

Ena anayesa kwina koma sizinayende chimodzimodzi. Ku Longyearbyen, pa zilumba za Svalbard za dziko la Norway, kuli manda a anyamata asanu ndi awiri ogwira ntchito mumgodi wa malasha omwe anafa mu Okutobala 1918. Gulu lotsogozedwa ndi Kirsty Duncan wa ku Canada linakumba mu 1998, koma linapeza kuti mabokosi anali pamwamba, m'dothi lomwe limasungunuka nyengo yotentha. Ku England, mu 2008, anafukula Sir Mark Sykes, kazembe amene anafa ku Paris mu Febuluwale 1919, poganiza kuti bokosi lake lamtovu linasunga thupi. Anapeza bokosilo litang'ambika.

Kodi mumadziwa kuti mu Africa funde loopsa la mliriwu linalowera pa madoko, kenaka n'kutsata njanji? Pa 15 Ogasiti 1918 sitima yankhondo ya HMS Mantua inafika ku Freetown, ku Sierra Leone, ili ndi odwala ambiri, ndipo onyamula malasha padokopo ndiwo anayamba kugwa. Mu Seputembala sitima ziwiri, Jaroslav ndi Veronej, zomwe zinaima ku Freetown, zinafika ku Cape Town ndi amuna akuda omwe anapita kukagwira ntchito za manja kunkhondo ku Ulaya. Atasungidwa masiku ochepa anakwezedwa sitima zapamtunda kupita kwawo, ndipo matenda anatsika nawo pa siteshoni iliyonse. Mwezi wotsatira Asouth Africa amautcha Okutobala Wakuda. Boma linalemba imfa pafupifupi 140,000, koma wolemba mbiri Howard Phillips anasonyeza kuti chiwerengero chenicheni chinali cha m'ma 300,000, chifukwa imfa za anthu akuda a kumidzi zambiri sizinalembedwe. Ku Cape Town ngolo zinkatola mitembo m'misewu kupita nayo ku manda a Maitland.

Mmodzi mwa amene anadwala n'kuchira ku Eastern Cape anali mayi wa Chixhosa, Nontetha Nkwenkwe. Atadzuka anayamba kulalikira kuti mliriwo unali chenjezo lochokera kwa Mulungu, ndipo anthu ambiri anamutsatira. Boma la azungu linachita naye mantha. Mu 1922 linamutsekera m'chipatala cha odwala misala ku Fort Beaufort, kenaka kumusamutsira ku Pretoria, komwe anamwalira mu 1935 n'kuikidwa m'manda a amphawi opanda dzina. Olemba mbiri Robert Edgar ndi Hilary Sapire, mogwirizana ndi banja lake ndi mpingo wake, anafufuza mpaka mandawo anapezeka, ndipo mu 1998 mafupa ake anabwezedwa kwawo n'kuikidwa mwaulemu pamaso pa khamu la anthu.

Kodi mumadziwa kuti njanji yomweyo inafikitsa mliri ku migodi ya Southern Rhodesia, yomwe lero ndi Zimbabwe, kumene amuna ambiri ochokera ku Nyasaland ankagwira ntchito? M'makomboni a migodi anthu ankagona mothithikana, ndipo chimfine chikalowa chinkasesa chipinda chonse. Amene anathawa pofuna kukafera kwawo ena anathera panjira. Mabanja ambiri kuno sanaone mtembo, sanaone manda, mwinanso sanalandire uthenga. Munthu anangosanduka mtchona wosabwerera.

Kuno kwathu mliriwu unafika kumapeto kwa 1918, dziko lili lofooka kale ndi nkhondo yoyamba ya padziko lonse ija, yomwe kuno inkatchedwa ya Chiwaya. Amuna pafupifupi 19,000 a ku Nyasaland analowa usilikali, ndipo ena pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza katundu wa asilikali mitunda italiitali ndi chakudya chosakwanira. Mkulu wa asilikali a Germany kum'mawa kwa Africa, Paul von Lettow-Vorbeck, anatula zida pa 25 Novembala 1918 ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala m'dziko la Zambia, ndipo misasa inayamba kumwazikana panthawi yomwe matenda anali pachimake. Obwerera kwawo ananyamula chimfine osadziwa. Wolemba mbiri Melvin Page, amene anacheza ndi asilikali akale ndi amtengatenga m'zaka za m'ma 1970 n'kulemba buku la The Chiwaya War, anapeza kuti okalambawo ankakumbukira mliri ndi nkhondo ngati tsoka limodzi.

Kodi mumadziwa kuti kusowa kwa maina a asilikali ndi amtengatenga amenewa pamiyala sikunangochitika mwangozi? Bungwe la Commonwealth War Graves Commission limasamalira manda a nkhondo ku Zomba, Blantyre, Mangochi ndi Karonga, ndipo lamulo lake linali loti aliyense wofera pa ntchito ya nkhondo akumbukiridwe ndi dzina, mosayang'ana udindo kapena mtundu. Mu 2021 lipoti la komiti yomwe bungweli linakhazikitsa linavomereza kuti lamulolo silinatsatidwe kwa anthu akuda ndi Amwenye: anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a kum'mawa kwa Africa ndi Egypt, sanakumbukiridwe ndi dzina kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Nduna ya zachitetezo ya Britain, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo mu Epulo chaka chomwecho. Ambiri mwa anthu amenewa anafa ndi matenda, kuphatikizapo chimfine cha 1918.

Kumidzi nako manda a nthawi imeneyo sanali a simenti. Unali mtumbira, mwina nkhadze yobzalidwa pamwamba, m'kankhalango komwe mudzi umakalemekeza, ndipo dzina la wogona pamenepo linkasungidwa pakamwa pa akuluakulu a banja. Amene anaona mliriwu ndi maso onse anapita, koma adzukulu awo alipo, ndipo ena akukumbukirabe kuti agogo ankatchula chaka chomwe adzukulu okumba manda anatopa. Mabuku a ubatizo ndi a maliro a mamishoni akale monga Blantyre, Livingstonia, Nkhoma, Likoma ndi Mua, pamodzi ndi mafayilo a ku National Archives ku Zomba, ndi malo oyenera kuyambira kwa mphunzitsi, m'busa kapena wophunzira wa mbiri amene angafune kuchita kwawo zomwe anachita anthu a ku Karori: kutsegula masamba a kumapeto kwa 1918 ndi kuchiyambi kwa 1919, kulemba maina, n'kupita nawo kwa mfumu ndi kwa eni mbumba kukafunsa kuti munthuyu anagona pati.